Piritsi Limodzi, Mayina Awiri

Ndinawapeza amayi atakhala pansi pakhomo la bafa, msana atatsamira khoma, patapata mmodzi ali kuphazi wina ali uko. Kunali kusanache bwinobwino. Sanakuwe, sanaitane munthu. Atandiona anangoti, "Usachite mantha, maso angochita mdima pang'ono. Tandidzutsa."

Sindinawadzutse. Ndinathamangira kamakina koyezera BP, ndipo manambala amene anatuluka ndimawakumbukirabe: 88/54. Munthu amene takhala tikulimbana naye zaka zambiri kuti achoke pa 160, lero ali pa 88. Ndinawagoneka pomwepo, miyendo n'kuisanjika pa pilo, n'kuwapatsa madzi, kenaka n'kuimba foni kuchipatala. Amene anayankha anafunsa funso limodzi: "Akumwa mankhwala anji?" Ndinati a BP. Anati, "Inde, koma anji?" Ndinangoti kukamwa yasa.

"Bwerani nawo. Munyamule mankhwala onse amene ali m'nyumbamo, ngakhale mapaketi otha omwe."

Titafika, adokotala anakhuthulira kachikwama kathu patebulo n'kuyamba kundandalika. Paketi yoyamba, enalapril 10 mg. Yachiwiri, amlodipine 5 mg. Kenaka kabokosi katsopano, kooneka bwino, dzina lake lamalonda lili la zilembo zikuluzikulu. Analoza ndi cholembera timalemba tating'ono pansi pa dzinalo. "Tawerengani apa, achimwene." Ndinawerenga: telmisartan 40 mg / amlodipine 5 mg. Iwo osanena kanthu anangokankhira paketi yachiwiri ija pafupi ndi kabokosiko. Apa m'pamene ndinaona kuti amlodipine walembedwa kawiri patebulopo.

Zonse zinayamba ndi chifuwa. Amayi anatha miyezi akutsokomola, kachifuwa kouma kokanda pakhosi, kopanda makhololo, kovuta kwambiri usiku. Mabotolo a mankhwala a chifuwa anatha angapo, osathandiza. Tinakayezetsa TB, sanaipeze. Kenaka dokotala wina, atawerenga buku lawo lakuchipatala, anati chifuwacho chikuchokera kwa enalapril. Mankhwala onse amene mayina awo amathera ndi -pril amachititsa kuti kanthu kena kotchedwa bradykinin kazichuluka m'thupi, ndipo mwa anthu 10 amene akumwa, pafupifupi mmodzi kamamukanda pakhosi choncho. Ndiye anati awachotse pa enalapril awaike pa telmisartan, amene sakonda kutsokomoletsa, ndipo poti amlodipine ankamwa kale, awapatse piritsi limodzi lokhala ndi onse awiri. Mapiritsi awiri asanduke limodzi, chifuwa chithe.

Tsiku limenelo ndinali nawo m'chipindamo. Koma adokotala atangoyamba kufotokoza, foni yanga inalira, ya kuntchito, ndipo ndinatuluka. Pobwerera ndinapeza amayi akugwedeza mutu, "Chabwino adokotala, zikomo kwambiri," monga achitira nthawi zonse, kaya amva kaya sanamve. Sindinafunse kuti anena chiyani. Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadyetsa amayi anga.

Kwa masiku 19 ankamwa mapiritsi atatu m'mawa uliwonse. Nditawafunsa anati, "Ine ndimayesa atsopanowa ndi owonjezera. Komanso akale aja anatsala ambirimbiri, munthu ungataye mankhwala?" Choncho amlodipine ankalowa 10 mg m'malo mwa 5, ndipo enalapril ndi telmisartan ankalowera limodzi, chinthu chimene madokotala amapewa. Chifuwa chija nachonso sichinathe, nanga enalapril anali akadalipo, ndipo ine ndinali nditayamba kale kunyoza piritsi latsopanolo kuti n'lopanda ntchito. Dzulo la tsiku limene anagwa lija anali atatsegulako m'mimba, osandiuza. Thupi litachepa madzi, BP inangogwa. Magazi atayezedwa anaonetsa kuti impso zayamba kutopa ndipo mchere wina wa m'magazi wotchedwa potaziyamu wakwera. Anawaimitsa mankhwala onse kwa masiku angapo, n'kuwayezanso, n'kuwayambitsa piritsi limodzi lija lokha. Patatha masabata atatu chifuwa chinatha chokha.

Sindikuliimba mlandu piritsilo. Nditamvetsa mmene limagwirira ntchito ndinayamba kulilemekeza. Amlodipine amafewetsa timinofu ta m'makoma a mitsempha ing'onoing'ono ya magazi, mitsemphayo n'kumasuka, magazi n'kumadutsa mosapanikizika. Telmisartan amagwira kwina. Impso zikaona ngati magazi achepa mphamvu zimatulutsa kanthu kotchedwa renin, ndipo pamapeto pake pamapangika chinthu china chotchedwa angiotensin, amene amafinya mitsempha komanso kuuza thupi kuti lisunge mchere ndi madzi. Telmisartan amatseka pamene angiotensin amakagwira. Enalapril amatseka pamene angiotensin amapangikira. Ndiye kuti awiriwa amatseka njira imodzimodzi, wina kumtunda wina kumunsi, ndipo kafukufuku wamkulu wa ONTARGET wa mu 2008, wa anthu opitirira 25,000, anasonyeza kuti kuphatikiza wa -pril ndi wa -sartan sikuteteza mtima koposa, kumangochulukitsa mavuto a impso ndi kugwa kwa BP. Zimene zinachitika pakhomo la bafa lathu zinali zodziwika kale.

Ndingopatukako pang'ono. Woyamba wa mankhwala a -pril, captopril, amene anavomerezedwa mu 1981, anapangidwa asayansi ataphunzira ululu wa njoka ya ku Brazil yotchedwa jararaca, imene ikaluma munthu BP yake imagwa. Nditawauza amayi anangoti, "Nchifukwa chake ankandikanda pakhosi."

Chifukwa chophatikizira mankhwala awiri n'chakuti thupi silivomera msanga. Mukatsitsa BP kudzera njira imodzi, lokha limaikwezanso kudzera njira ina. Anthu ambiri a BP mankhwala a mtundu umodzi sawakwanira, ndipo kuwonjezera mlingo wa omwewo kumatsitsa BP pang'ono chabe koma zovuta zake n'kuchuluka. Awiri osiyana, aliyense pa mlingo wochepa, amatsitsa bwino, ndipo nthawi zina wina amafafaniza vuto la mnzake: amlodipine amatupitsa akakolo, wa -sartan amachepetsa kutupako, mankhwala okodzetsa ngati hydrochlorothiazide amataya potaziyamu, wa -sartan amamusunga. Kuwonjezera apo, munthu saiwala piritsi limodzi ngati mmene amaiwalira atatu. Bungwe la WHO linaika mapiritsi ophatikiza otere pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira mu 2019, ndipo malangizo ake a mu 2021 amati munthu akafunika mankhwala awiri, ndi bwino akhale m'piritsi limodzi. Mu 2019 momwemo munatuluka zotsatira za kafukufuku wa CREOLE, amene anachitika m'mayiko 6 a mu Africa, zosonyeza kuti kwa anthu akuda, kuphatikiza kumene muli amlodipine kumatsitsa BP bwino kuposa perindopril ndi hydrochlorothiazide. Choncho adokotala aja sanalakwitse posankha.

Vuto lili pa bokosi. Dzina limene diso limayamba kuona ndi lamalonda, ndipo dzina lamalonda silinena kanthu. Mayina enieni ali pansi, m'timalemba timene munthu wa zaka za amayi sangawerenge popanda magalasi. Ine ndinaphunzira kuwerenga kumapeto kwa dzina. Lothera ndi -pril kapena -sartan ndi la njira ya impso ija. Lothera ndi -dipine ndi lomasula mitsempha. Hydrochlorothiazide, indapamide ndi chlorthalidone ndi okodzetsa, ndipo kawirikawiri amabisala m'tizilembo ngati H, HCT, Co kapena Plus pa dzina lamalonda. Lothera ndi -olol, ngati atenolol ndi bisoprolol, ndi lochepetsa kugunda kwa mtima. Mukakhala ndi mapaketi awiri okhala ndi mathero ofanana, kapena -pril ndi -sartan pamodzi, musamwe kaye, kafunseni.

Manambala nawonso ali awiri. Piritsi la amayi lilipo la 40/5, 40/10, 80/5 ndi 80/10, ndipo mabokosi ake amatha kufanana ngati mapasa. Makampani ena amayamba ndi nambala ya amlodipine, ena amayamba ndi ya mnzakeyo. Mwezi wina tinapatsidwa mapiritsi a mtundu wina, bokosi lina, dzina lina, ndipo amayi anakana kumwa, ati awasinthira. Tinaika bokosi lakale ndi latsopano pamodzi n'kuwerenga timalemba tija: telmisartan 40, amlodipine 5, mbali zonse. Anali omwewo, kampani yokha ndiyo inasintha. Masiku ano kuwerengako timachitira pawindo pomwe tikulandirira, tisanachoke, ngakhale a pamzere kumbuyo azing'ung'udza.

Pali cholakwa china chimene ndinachita ndi mtima wabwino. Pofuna kuti zija zisachitikenso, ndinagula kabokosi ka zipinda 7, ka Lolemba mpaka Lamulungu, n'kutulutsa mapiritsi a sabata yonse m'mapepala ake onyezimira aja n'kuwaikamo. Pofika Lachisanu anali atayamba kufewa ndi kumata. Wopereka mankhwala anandiuza kuti telmisartan amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo sayenera kutulutsidwa m'chikuto chake mpaka nthawi yomwera. Zinali zolembedwa pa kapepala kopindapinda ka m'bokosi kaja, kamene tonse timataya. Tsopano ndimadula chikutocho ndi sizasi, kagawo kalikonse piritsi lili chitsekedwere, n'kuika tizigawoto m'zipinda zija. Ndipo mankhwala sakhalanso kubafa kapena pafupi ndi moto.

Kudula piritsi lenilenilo ndiye ayi. Mnzawo wina wa amayi amadula lake ndi lezala masiku amene akumva bwino, kuti achedwe kutha. Piritsi lophatikiza nthawi zina limakhala la magawo awiri omatikizana, ndipo ngati lilibe mzere pakati, palibe chotsimikizira kuti theka lililonse lili ndi theka la mankhwala onse awiri. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo mukawaphwanya mphamvu yonse imatuluka kamodzi. Ngati mlingo wakula, alipo a mlingo wochepa, ndipo wosintha ndi dokotala.

Pamene ndinachedwapo kwambiri kumvetsa ndi pa nkhani ya mankhwala opha ululu. Amayi mawondo amawavuta, ndipo m'kachikwama kawo simunkasowa ibuprofen kapena diclofenac. Ndinkaona ngati BP ndi mawondo n'zosakhudzana. Adokotala anandijambulira papepala. Mu impso muli tisefa tambirimbiri, ndipo kasefa kalikonse kali ndi kamtsempha kolowetsa magazi ndi kena kotulutsa. Kuti kasefe, mkatimo muyenera kukhala mphamvu yokankha. Telmisartan, kapena aliyense wa -sartan ndi -pril, amamasula kamtsempha kotulutsa, mphamvu ija n'kutsikako. Zimenezi n'zabwino, ndi mmene amatetezera impso za anthu a shuga. Koma ibuprofen ndi diclofenac amapanikiza kamtsempha kolowetsa. Tsono kolowera kwachepa, kotulukira kwakula. Muwonjezerepo mankhwala okodzetsa, kapena kutsegula m'mimba, kapena tsiku lotentha munthu osamwa madzi, kasefa kaja kamangouma. Impso zimatha kuima m'masiku ochepa, munthu osamva kupweteka paliponse, kungoona mkodzo wachepa ndi thupi kulefuka. Kuwonjezera pamenepo, mankhwala opha ululu amenewa amakweza BP pawokha. Paracetamol ndi amene anatiuza kuti tizigwiritsa ntchito, pa mlingo wolembedwa. Ndiponso ndimawerenga mabokosi a mankhwala a chimfine, poti ena mumakhala ibuprofen yemweyo, ena muli pseudoephedrine wotsegula mphuno, amene amafinya mitsempha n'kukweza BP.

Apa ndi pamene pali kuipa kwenikweni kwa piritsi lophatikiza, ndipo ndisabise. Munthu akadwala kusanza, kutsegula m'mimba kapena kutentha thupi mpaka kulephera kudya ndi kumwa, madokotala kawirikawiri amaimitsa kaye wa -sartan, wa -pril ndi okodzetsa, mpaka munthuyo atayambanso kudya ndi kumwa bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amene amamwa mapiritsi osiyana akhoza kuimitsa limodzi n'kupitiriza linalo. Wa piritsi limodzi sangaimitse theka. Choncho funso limeneli ndi lofunsiratu tsiku lolandira mankhwala, munthu ali bwinobwino: "Nanga akatsegula m'mimba usiku, m'mawa amwe kapena asamwe?" Ife anatiuza kuti asamwe, tiyeze BP, tiimbe foni tsiku lomwelo. Anu akhoza kukuuzani zina malinga ndi mtima ndi impso zanu. Ndinalemba yankholo kuseri kwa chitseko cha kabati.

Za potaziyamu ndinazidziwa chifukwa cha mlongo wanga. Atamva kuti amayi anagwa, anabwera ndi kabotolo ka mchere umene amati ndi wa anthu a BP. Ndinatembenuza kabotoloko, poti tsopano chilichonse ndimatembenuza, n'kupeza kuti mbali yaikulu ndi potassium chloride. Kwa anthu ambiri mchere wotere ndi wothandiza ndithu. Koma kwa munthu amene akumwa wa -sartan, impso zake zitangodzandira kumene, potaziyamu amatha kuunjikana m'magazi, ndipo akakwera kwambiri amasokoneza kagundidwe ka mtima popanda chenjezo. Kabotoloko tinakabweza. Kuchepetsa mchere wamba ndiye tinapitiriza, chifukwa mchere wambiri umafooketsa mankhwalawa. Mankhwala enanso amene amakweza potaziyamu akakumana ndi -pril kapena -sartan ndi spironolactone ndi co-trimoxazole, amene ambiri timangoti Bactrim. Amlodipine naye ali ndi amene sagwirizana nawo: rifampicin wa TB amamufooketsa, clarithromycin ndi ma ARV okhala ndi ritonavir amamuwonjezera mphamvu, ndipo simvastatin wa mafuta a m'magazi sayenera kupitirira 20 mg akamamwedwa naye. Sikuti zonsezi n'zoletsedwa. Wolemba mankhwala angofunika adziwe, kuti asinthe mlingo kapena ayeze magazi. Za zitsamba ndi timabotolo towonjezera mphamvu m'thupi n'chimodzimodzi, muzitchule, ngakhale mukuchita nazo manyazi.

Kuyeza magazi kumene ndikunenaku ndi kwa creatinine, amene amasonyeza mmene impso zikusefera, ndi potaziyamu ndi sodiyamu. Kumachitika musanayambe, kenaka pakatha sabata imodzi kapena awiri mutayamba kapena mutasintha mlingo, kenaka kamodzi pachaka ngati zonse zili bwino. Creatinine akakwera pang'ono poyamba si zodabwitsa. Tsiku loti tikayezetse linalembedwa m'buku la amayi pa ulendo wa foni uja, ndipo tinalidumpha. Tikanapita, mapiritsi atatu aja akanagwidwa amayi asanagwe.

Kutupa kuli pawiri, ndipo kumasiyana ngati usiku ndi usana. Kwa akakolo, mapazi onse awiri, kokula madzulo n'kuphwa m'mawa, ndi kwa amlodipine. Sikuti thupi ladzaza madzi, koma timitsempha tamasuka ndipo madzi akutsikira m'minofu, n'chifukwa chake mankhwala okodzetsa sakuthetsa kwenikweni. N'kosautsa, nsapato zimathina, koma n'kodikira tsiku lokaonana ndi dokotala, pokhapokha ngati mwendo watupa umodzi ukupweteka, kapena munthu akubanika. Kwina ndi kwa milomo, lilime, zikope kapena pakhosi. Kumeneku sikudikira kuti kuche. Kumabwera kwambiri ndi a -pril, mwa apo ndi apo ndi a -sartan, kumagwira anthu akuda kuposa ena, ndipo kumatha kuyamba munthu atamwa mankhwalawo zaka zambiri popanda vuto. Lilime likatupa limatseka mpweya. Munthu wotere apite kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo asamwenso piritsilo mpaka atamuona.

Mlongo wanga yemwe uja anandiopsanso tsiku lina. Mutu unkamupweteka, anadziyeza pa kamakina ka amayi, anapeza 148/92, n'kumwa piritsi lawo limodzi. Anandiuza akuseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkadziwa kuti iye ndi alamu akufuna mwana wina. Mankhwala a -pril ndi -sartan amawononga impso za mwana wosabadwa, amachepetsa madzi amene mwanayo amakhalamo, ndipo amatha kumupha. Mayi amene akumwa mankhwalawa n'kuzindikira kuti ndi woyembekezera ayenera kuonana ndi dokotala mwamsanga kuti amusinthire ena, monga methyldopa, nifedipine kapena labetalol, ndipo amene akufuna kutenga pakati anene asanatenge. Piritsi limodzi lija silinachite kanthu, sanali woyembekezera. Koma nambala imodzi yoyezedwa mutu ukupweteka si matenda a BP, ndipo piritsi la amayi linasankhidwa poyang'ana impso za amayi.

Amene piritsi lawo lili ndi hydrochlorothiazide kapena indapamide ali ndi zawo zoti aziyang'anira. Amwe m'mawa, kuti asamadzukedzuke usiku. Okalamba sodiyamu amatha kuwatsika, n'kuyamba kusokonezeka mutu, kufooka kapena kukokana kwa minofu, anthu n'kumati ndi ukalamba. Ena chala chachikulu cha kuphazi chimatupa n'kupweteka koopsa, matenda a gout, ndipo ena khungu limapsa msanga ndi dzuwa.

Kamakina koyezera kaja nakonso kanafuna kuphunzira. Poyamba tinkayeza mwachisawawa, amayi atangochokera panja, akulankhula, mkono uli lendelende, ndipo manambala ankadumphadumpha n'kutisowetsa mtendere. Anesi anationetsa: munthu ayambe wataya madzi, akhale pampando mphindi 5 msana utatsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, lamba pakhungu osati pamwamba pa juzi, osalankhula. Kuyeza kawiri, motalikirana mphindi imodzi, m'mawa asanamwe piritsi ndi madzulo, kwa masiku 7 tisanapite kuchipatala, n'kulemba zonse. Chovuta pa zonsezi kwa amayi ndi kusalankhula. Kwa ambiri cholinga n'chakuti BP ikhale pansi pa 140/90 kuchipatala, kapena pansi pa 135/85 poyeza kunyumba, ndipo a shuga kapena a mtima amawaikira chotsikirapo. Ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kupotoka pakamwa, kulephera kulankhula kapena kufooka mbali imodzi, si nthawi yomwa piritsi lachiwiri. Amlodipine ndi wochedwa, amatenga pafupifupi sabata kuti akhazikike m'magazi, sangakupulumutseni pa ola limodzi. Imeneyo ndi ya kuchipatala.

Kuchedwa komweko kuli ndi ubwino wake. Theka la amlodipine limatenga maola 30 mpaka 50 kuti lichoke m'thupi, ndipo telmisartan pafupifupi tsiku lathunthu, choncho kuiwala kamodzi si ngozi. Akakumbukira tsiku lomwelo amamwa. Akakumbukira nthawi ya lina itayandikira, lapitalo lapita, samwa awiri. Awiri a piritsi lophatikiza ndi milingo inayi. Za nthawi yomwera, kafukufuku wa TIME wa ku Britain, wa anthu opitirira 21,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, sanapeze kusiyana pakati pa kumwa m'mawa ndi kumwa madzulo. Ife tinasankha m'mawa, pafupi ndi mswachi.

Koma kuchedwa komwekonso ndi kumene kumanyenga anthu. Patapita miyezi itatu manambala a amayi ali pa 128/78 tsiku ndi tsiku, anandiitana. "Iwe, BP ija inatha. Mankhwalawa ndizimwerabe chiyani?" Ndipo ndikudziwa kuti akanasiya, masiku awiri atatu oyamba kamakina kakanawavomereza, poti mankhwala akanakhala adakali m'magazi. Kenaka ikanakwera mwakachetechete, popanda mutu kupweteka, popanda chizindikiro, mpaka tsiku la sitiroko. Lipoti la WHO la mu 2023 linati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni padziko ali ndi BP yokwera, ndipo mwa 5 alionse, 4 sakulandira chithandizo chokwanira. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo anayambapo mankhwala n'kusiya atamva bwino. Kwa amene piritsi lawo lili ndi wa -olol, kusiya mwadzidzidzi n'koopsa mwapadera, chifukwa mtima umathamanga ndipo wodwala mtima akhoza kugwidwa nawo. Amayi ndinawayankha kuti 128 ameneyo ndi wa piritsi, si wawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kumwa.

Chizungulire chimabwerabe nthawi zina akadzuka mofulumira, makamaka kukatentha. Anaphunzira kukhala kaye m'mphepete mwa bedi, kugwedeza mapazi, kenaka n'kuima atagwira khoma. Mapaketi akale aja ndinawabweza kumene timalandirira mankhwala, ndipo m'nyumba muno simukhalanso mankhwala a BP amene munthu anasiyitsidwa. Ndinalemba kakhadi ndi zilembo zikuluzikulu: TELMISARTAN 40, AMLODIPINE 5, piritsi limodzi m'mawa, enalapril anawatsokomoletsa, impso zinavutapo. Kamakhala m'buku lawo lakuchipatala, kena m'kachikwama.

Mwezi wathawu bondo linatupa, tinapita kukaonetsa. Tinapeza dokotala wachinyamata amene sanawaonepo, anthu ali mbwee panja, iye akulemba mofulumira. Anafunsa ngati akumwa mankhwala ena alionse, maso ali papepala. Ndisanatsegule pakamwa, amayi anali atatulutsa kale kakhadi kaja n'kukaika pamwamba pa pepala lomwe ankalembalo.

"Ndimamwa limodzi, adokotala, koma ndi awiri. Winayo ndi telemisatani. Ndiye ngati mukulemba a mawondo aja, akuti impso zanga sizifuna."

Dokotalayo anawerenga, anafufuta mzere umene anali atayamba, n'kulemba paracetamol ndi tsiku lokaonana ndi ophunzitsa mafizo. Kenaka anaika cholembera pansi kuti afotokoze kamwedwe kake. Amayi anakweza dzanja kuti adikire kaye, n'kutembenukira kwa ine.

"Foni ija wazimitsa?"